Bondo Lomwe Silinkapweteka

Mmisiri wa mipando anatha miyezi iwiri akuona magazi mu mkodzo osauza munthu. Mkazi wake ndiye anatulukira pochapa zovala.

"Lolemba mukupita kwa adokotala," anatero mayiyo. "Ndipo mukanene zonse, osati zanthabwala zanu zija."

Dokotalayo anali wa banja lawo kwa zaka khumi ndi zinayi. Ndiye ankachiza ana, ndiyenso anasoka chala cha mmisiri tsiku lomwe sowo inachilawa. Padziko lonse, ndi iye yekha amene mmisiri akanalola kumuvulira thalauza. Pa benchi yodikirira ankangobwereza mumtima mawu oti akanene.

Atalowa anapeza mipando itatu m'malo mwa iwiri. Pa wachitatuwo panakhala mtsikana wa gauni yoyera, kabuku pamwendo, msinkhu wa mdzukulu wake wamkulu.

"A mmisiri, mukadali moyo?" dokotala anaseka. "Uyu akuphunzira udokotala. Akhale nafe kapena atuluke? Muli ndi ufulu wokana."

Ufulu wake uti? Mwanayo anali pomwepo, akumwetulira, maso ali pa iye. Akanamufunsira panja pakhonde akanakana bwinobwino. Koma kupirikitsa mwana wa eni ake akukuyang'ana? Anthu ophunzira amadziwa pofunsira funso kuti munthu ulephere kukana.

"Akhale," anatero. "Nanenso ndinaphunzirira pa matabwa a eni."

"Mwamva?" anatero dokotala. "Ndiye lero afunse ndi iyeyo."

Mtsikana anakokera mpando pafupi. "Agogo, chikukuvutani n'chiyani?"

Mmisiri anayang'ana cholembera chimene chinali m'dzanja la mtsikanayo. Chilichonse chotuluka pakamwa pake chikalowa m'kabukumo, mawa n'kukawerengedwa pamaso pa ophunzira anzake makumi angapo.

"Bondo," anatero. "Lakumanzereli."

Mtsikana anagwada pansi, anapinda mwendo wa thalauza mwaulemu, n'kuyamba watikita manja ake kuti asamuzizire. Anadina apa, anadina apo, kuwongola, kupinda. Mmisiri ankabuula pamene ankaona kuti pakufunika kubuula. Mwanayo anali waluso ndi wofatsa, ndipo zimenezo ndizo zinamupweteka kwambiri, chifukwa analibe pomukwiyira.

"Palinso china, a mmisiri?" anafunsa dokotala, akulemba mankhwala opaka.

Mmisiri anatsegula pakamwa. Mtsikana anadzutsa mutu, cholembera chili chire.

"Ayi. N'zomwezo."

"Ndiye tidzaonane pakatha miyezi itatu."

Pakhomo mtsikana anamugwira dzanja ndi manja awiri. "Zikomo agogo. Ndinu munthu woyamba amene ndamuyeza ndekha."

Kunyumba anapeza mkazi wake atakhala pa khonde, ntchito zonse zili chiimire.

"Akuti chiyani, bambo?"

"Akuti ndi ukalamba chabe. Zitha zokha."

Mayiyo anagwira pachifuwa, anapuma mpweya wautali, kenako anaseka mpaka misozi. "Nkhalamba inu! Ine sabata yonse chakudya osalowa, kumangoganiza za maliro!" Anathamangira m'nyumba kukaimbira foni mwana wawo wamkazi.

Mmisiri analowa m'kachipinda kake ka ntchito n'kutseka chitseko. Mankhwala aja anawakwirira pansi pa misomali m'chitini. Kuseri kwa khoma ankamva mkazi wake akunena mokondwa kuti, "Usabwerenso mwanawe, usavutike. Bambo ako ali bwino."