Benchi ya pa Chipata cha Msika

Mayi Callista anali ndi golosale yaing'ono moyang'anana ndi msika wa pa Neno. Ankagulitsa sopo, mchere, palafini, machesi ndi singano za makina. Mwamuna wawo anamwalira kalekale, ndipo mwana wawo Malizani ndiye ankapita ku Mwanza kukapikula katundu. Koma chiyambire nkhani za matipate, Malizani sankaonekanso pa golosale. Anali atasankhidwa kukhala mlembi wa nthambi m'chipani china chatsopano, ndipo tsiku lililonse ankakhala ali pa njinga.

Mayiwo anali ndi mlongo mmodzi yekha, a Ezekiele, amene anali a Mboni za Yehova. Mu 1972 a Ezekiele anakana kugula khadi ya chipani, monga ankachitira anzawo onse a mpingowo, ndipo anthu ena anawatenthera nyumba ku Dambe n'kuwathyola dzanja lamanzere. Anathawira ku Mozambique ndi akazi awo, mayi Esnart. Anabwerako mu 1993, boma litachotsa chiletso pa mpingo wawo, tsitsi lonse litayera, dzanja lija lili lopindika. Anamanga kanyumba pa bwinja lawo lakale n'kuyamba kulima kachewere m'dimba.

Kalembera wa chisankho cha 1994 atatsegulidwa, mayi Callista anali m'gulu la anthu oyamba kulembetsa pa sukulu yapafupi. Chiphaso chawo anachikulunga m'pepala la shuga n'kuchibisa pansi pa sutikesi. Loweruka lotsatira a Ezekiele anatsika kuchokera ku Dambe ndi thumba la kachewere. Atagulitsa, anadutsira pa golosale monga mwa nthawi zonse, ndipo mlongo wawo anawawiritsira tiyi.

"Achimwene, mwalembetsa kale kwanu kuja?" anafunsa mayi Callista.

"Iyayi, achemwali."

"Musachedwetu. Akuti atseka posachedwa."

"Sindilembetsa."

Mayi Callista anaganiza kuti bambowo akuopa. Anakokera mpando pafupi n'kuyamba kuwafotokozera pang'onopang'ono kuti chiphasochi si khadi ija, salipiritsa, ndipo povota munthu amalowa yekha kuseri, palibe womuona.

"Ndikudziwa zonsezo, ndamva pa wailesi," anatero a Ezekiele. "Koma ife sitivota. Khadi ija sindinaikane chifukwa chodana ndi amene ankalamula. Amene angapambane, msonkho ndipereka, malamulo ndimvera. Koma zosankha wolamula dziko sindilowamo."

"Ndiye amene anakupindani dzanjali apitirize, eti?"

"Sindinatero."

"Mwatero ndithu! Amayi anamwalira inu kulibe, ndinawaika ndekha. Ngakhale uthenga wamaliro sindikanatha kukutumizirani. Lero mwapatsidwa mpata woti munene kuti zimenezo zinali zoipa, inu mukuti simulowamo?"

A Ezekiele anamaliza tiyi wawo, anathokoza, n'kupinda thumba lawo. Tsiku limenelo mayi Callista sanawaperekeze.

Masiku omwewo a chipani cha Malizani anamva kuti anthu a m'midzi yakumapiri sakulembetsa ambiri. Mvula inali isanaleke, mitsinje inali yodzaza, ndipo ena ankangoti adikire aone kaye. Malizani anatenga benchi ya pakhonde la golosale ya mayi ake, n'kukaiika pa chipata cha msika. Iye ndi anzake atatu ankakhala pamenepo n'kumafunsa aliyense wolowa ngati walembetsa. Wosalembetsa ankamulozera njira ya ku sukulu. Mayi Callista ankaona zimenezi ali pa kauntala, ndipo zinkawasangalatsa. Tsiku lina anawatumizira anyamatawo mabanzi.

Koma sabata isanathe, kufunsa kuja kunasanduka kuitanitsa. Munthu akati walembetsa, ankamuuza kuti aonetse chiphaso. Amene analibe ankamubweza, kuti akayambe walembetsa. Amayi ogulitsa masamba anayamba kumangirira ziphaso zawo pa nsonga ya chitenje.

Loweruka m'mawa mayi Callista akuyezera munthu palafini, anakweza maso n'kuona mlongo wawo ataima pa chipata. Thumba anali atalitula pansi, chipewa chili m'manja. Malizani anali atadzuka pa benchi ndipo ankalankhula akuloza ku sukulu. A Ezekiele anagwedeza mutu, anavala chipewa, anasenza thumba lija ndi dzanja limodzi mothandizira ndi bondo, n'kutembenuka. Sanayang'ane ku golosale. Pamene mayi Callista ankamaliza ndi wogula uja n'kutuluka, bambowo anali atakhota kale njira ya ku Dambe.

Mayiwo anawoloka msewu n'kumuitanira Malizani pambali.

"Amalume ako wawatani?"

"Sindinawakhudze, amayi. Ndawauza mwaulemu. Ndati amalume, pitani pa sukulu pompa, sizichedwa, mubwere mudzagulitse. Iwo angoti zikomo, basi n'kumapita."

"Abwerera ndi thumba lonse lija mpaka ku Dambe?"

"Nanga ndikawalola iwo chifukwa ndi amalume anga, enawa ati chiyani? Si inu nomwe munkadandaula kuti akukana?"

Mayi Callista anabwerera ku golosale, anakhala pang'ono, kenaka anatseka chitseko n'kulunjika ku sukulu.

Woyang'anira kalembera pa sukulupo anali mphunzitsi wina dzina lake mayi Constance, wa mpingo umodzi ndi mayi Callista. Tebulo lake linali pakhonde la kalasi, ndipo mzere wa anthu unafika mpaka pa mtengo wa mango. Mayi Callista anadikira mpaka mayi Constance atadzuka kukamwa madzi.

"Aphunzitsi, ndili ndi funso. Kodi munthu akapanda kulembetsa, lamulo limamutani?"

"Silimutani kanthu."

"Ngakhale atakana dala?"

"Ngakhale atakana dala. Lamulo likuti nzika iliyonse imene yakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ili ndi ufulu wolembetsa ndi kuvota. Ufulu, mayi. Silikuti munthu akakamizidwe. Amene ali ndi mlandu ndi woopseza mnzake kapena kumukakamiza." Mayi Constance anatula kapu. "Mwafunsa bwino, chifukwa ine zanditopetsa. Dzulo kunabwera gogo wina wa ku Midzemba, akuti ndimulembe msanga akagule mchere. Wina anabwera kachiwiri kuti ndimupatse chiphaso china, choyamba chanyowa, ndiye kumsika samulola. Anthu akuganiza kuti khadi yabweranso. Ndimafuna nditumize uthenga ku Mwanza lero. Kodi inu mukuwadziwa amene akuchita zimenezi?"

"Ndi mwana wanga."

Mayi Constance anawayang'anitsitsa.

"Ndipo benchi akukhalirayo ndi yanga," anatero mayi Callista. "Uthengawo muyambe mwaimika. Ndipatseni mpaka masana."

"Masana ndikapuma ndibwera konko. Ndikaipeza ikadali pomwepo, nditumiza."

Mayi Callista anabwerera ku golosale, anatenga dengu ngati munthu wokagula ndiwo, n'kupita pa chipata. Mmodzi mwa anzake a Malizani, Binwell, anaseka n'kunena kuti, "Amayi, chiphaso."

"Ndili nacho, koma sindikuonetsani. Dzukani."

"Tidzuke?"

"Benchiyi ndi yanga. Ndikuifuna."

Anzake aja anadzuka mwamanyazi. Malizani anakhalabe. Anthu olowa ndi otuluka anayamba kuima, ndipo amayi a mandasi anasiya kuitanira malonda.

"Amayi, musandichititse manyazi pagulu," anatero Malizani motsitsa mawu. "Inu simukuona? Anthu akapanda kulembetsa, tigonja. Tikagonja, mukuganiza kuti adzayambira kwa ndani? Dzina langa akulidziwa, nyumba yathu akuidziwa. Ine ndayenda midzi yonseyi poyera. Amalume akhoza kukhala phee ku Dambe, koma wodzamangidwa ndine."

Mayi Callista anadziwa kuti mwanayo sakunama. Iwonso nkhawa imeneyi inkawasowetsa tulo. Koma sanatsitse mawu awo.

"Ndikudziwa. Nanenso ndikufuna kuti mupambane, ndipo voti yanga ukuidziwa kumene ikupita. Koma pa chipata chino ndinaimitsidwapo ine, ndili ndi mimba yako. Anandigulitsa makhadi awiri, yanga ndi ya iwe usanabadwe. Nawonso anandiuza mwaulemu. Dzuka pa benchi yanga."

Mayi wina wogulitsa nyemba anamasula mfundo ya pa chitenje chake, anatulutsa chiphaso, anachiyang'ana, n'kuchilowetsa m'bulauzi. Kenaka anadutsa pa chipata osayang'ana aliyense. Anzake awiri anamutsatira.

Nthawi imeneyo n'kuti mayi Constance akufika, ambulera ili m'manja. Sanakalipe. Anaima pa chipata n'kulankhula monga amalankhulira m'kalasi, kuti chiphaso cha kalembera ntchito yake ndi imodzi yokha, kuvotera, ndipo palibe amene ayenera kuchiitanitsa pa msika, kuchipatala kapena pa basi. Anati wofuna kulembetsa abwere ku sukulu, adzamulandira, ndipo wosafuna palibe amene amulondole. Kenaka anatembenukira kwa Malizani.

"A Malizani, kukopa anthu n'kololedwa. Yendani m'midzi, auzeni, apempheni. Koma izi zikamveka ku Mwanza, mlandu ukhala wanu, ndipo chipani chanu chidzakukanani."

Malizani anadzuka, anatenga njinga yake n'kuchoka. Binwell ndi mnzake ananyamula benchi ija n'kukaibwezera pakhonde la golosale. Kwa masiku angapo Malizani ankagona kwa Binwell, ndipo akakumana ndi mayi ake ankangopereka moni basi.

Lolemba mayi Callista anakwera lole ya matola yopita ku Dambe. Inatitimira m'matope kawiri, ndipo mtunda wotsala anayenda wapansi. Anapeza mayi Esnart atakhuthula kachewere uja pamkeka, akusankha amene anayamba kuwola. A Ezekiele anali kudimba, ndipo anabwera ataitanidwa.

"Benchi ija yachoka," anatero mayi Callista atapatsana moni. "Loweruka mubwere."

"Zikomo, achemwali. Mwanayo musamukalipire kwambiri. Sanandinyoze."

"Bwanji simunabwere kudzandiuza? Golosale ili pomwepo."

A Ezekiele anayang'ana akazi awo, kenaka pansi. "Ndinkaganiza kuti mwina mwamutuma ndinu."

Mawuwa anawalasa mayi Callista. Anafuna kukana mwamphamvu, koma anakumbukira mabanzi aja, ndipo anangoti, "Sindinamutume. Koma ndinkaona, ndipo sindinamuletse."

Anathandiza mlamu wawo kusankha kachewere mpaka dzuwa litapendeka. Atamaliza anati, "Achimwene, ndikunenabe kuti mukulakwitsa. Mukanalembetsa."

"Ndamva, achemwali."

"Mwamva koma simupita."

"Sindipita."

Mayi Callista anagona komweko chifukwa lole inali itabwerera kale.

Chisankho chinachitika mu Meyi, manachesi atayamba kupsa. Mayi Callista anavota m'mawa n'kukatsegula golosale. Malizani anali woimira chipani chake pa malo ena ovotera ku Lisungwi, ndipo anabwera kunyumba patapita masiku awiri, mawu atasasa. Boma linasintha. Kwa amalume ake sanapepese, ndipo iwonso sanayembekezere kuti apepese. Akakumana ankapatsana moni ndi kufunsana za mvula.

Loweruka la sabata ya chisankhoyo a Ezekiele anatsika ndi akazi awo, amene ankafuna kugula nsalu. Ali pa tiyi, mayi Esnart anaona chala cha mlamu wawo chili chakuda mpaka m'chikhadabo.

"Alamu, mwapsa?"

"Iyayi, ndi inki ya kovota. Amatiika kuti munthu asavote kawiri."

Mayi Esnart anagwira chalacho n'kuchitembenuza. "Ndiye mkatimo mumakhala bwanji? Mumalowadi nokha?"

Mayi Callista anayang'ana mlongo wawo. A Ezekiele ankauzira tiyi, ndipo sanaonetse kuti nkhaniyo ikuwavuta. Choncho mayiwo anafotokoza zonse, kuyambira pa mzere, poitana dzina, kuseri kobisika kuja, mpaka poponya m'bokosi. Anati pepala linawapulumuka n'kugwa pansi, ndipo anaopa kuti aliwononga.

"Ndiye inkiyi ichoka liti?" anafunsa mayi Esnart.

"Akuti imachoka yokha."

"Yesani ndimu ndi phulusa."

"Ndayesa kale, alamu. Yakana."

Wogula anagogoda pa kauntala kufuna machesi, ndipo mayi Callista anadzuka kukamupatsa.