Malamulo Aulesi pa Njira ya Basi ya Ana

Lolemba lotsatira Kachiwala ankayenera kuyamba kukwera yekha basi ya sukulu ya mkaka, ndipo amake mtima unali m'mwamba. Mwana wa zaka zinayi, wosadziwa kuima malo amodzi. Atamva kuti sukulu yapempha mlamu wawo, mng'ono wa bambo a mwanayo, kuti akonze pakompyuta njira yotengera ana m'nyumba makumi atatu, anamuitana Loweruka masana kuti adzagwirire ntchitoyo patebulo pawo. Iwo anaima kumbuyo kwake, kansalu kopukutira mbale kali paphewa.

Pa laputopu panali mapu, nyumba iliyonse kadontho. Mizere inkalumikiza timadontho, kufufutika, kubweranso mwina. Kenako anaona nyumba zinayi zitagwirana zokhazokha pakona, osakhudza sukulu.

"Alamu, basiyi izingozungulira apa? Anawa akafika chaka chiti?"

Asanatseke pakamwa, mizere ija inazimiririka.

"Mlonda wakana," anatero mlamuyo.

"Mlonda uti?"

"Pulogalamuyi imasaka njira yaifupi kuposa zonse, ndipo ilibe manyazi. Nditati ndiiletse zopusa zonse isanayambe, kagulu kalikonse ka nyumba kangafune lamulo lakelake. Nyumba makumi atatu, malamulo opitirira biliyoni. Laputopu ingafuke utsi. Ndiye sindiwalemba. Ikapeza njira yomwe ikuyesa kuti yatheka, imayamba yaitana kachigawo kena kamene ndinalemba, ndiye mlondayo. Akaona cholakwa, amawonjezera lamulo lokhalo lomwe lasweka, n'kuibweza kuti ikasakenso. Timawatcha malamulo aulesi, poti sadzuka mpaka wina atawaponda."

"N'chifukwa chake mumamvana."

"Iii alamu, ine ndagwira ntchito lero!"

Amake Kachiwala anakoka mpando. Pansi pa mapu panali nambala yomwe inkakwera pang'onopang'ono, kusonyeza malamulo amene mlonda wawonjezera. Inali pa makumi anayi ndi asanu ndi awiri. Pa biliyoni yonse ija! Zinawakomera mwachilendo.

"Lamulo likalowa, limatulukanso?"

"Ayi, limakhala mpaka kusaka kutatha."

"Nanga mlondayo amadziwa bwanji kuti ichi n'cholakwa?"

"Amadziwa zomwe ndinamuuza. Basi."

Mawu amenewo sanawakhale bwino. Mizere itaima, mlamuyo anadziwongola n'kunena kuti njira yabwino kuposa iyi kulibe. Iwo anaitsata ndi chala, kuchoka kusukulu, kudutsa pamsika, kutsika msewu waukulu. Chala chinaima pa kadontho kawo.

"Ikuchokera kumsika. Ndiye kuti iziima tsidya linalo la msewu."

"Ndi mamita angati? Khumi?"

"Khumi ake a malole. Inu munamuonapo Kachiwala akuwoloka chilichonse mwaulemu?"

Mlamuyo anakanda m'mutu. "Kwa kompyuta nyumba ndi kadontho, alamu. Kadontho kalibe tsidya."

"Ndiye mlonda wanuyo muuzeni."

Kumuuza kunali kotheka, koma panafunika kudziwa mbali imene geti la nyumba iliyonse ya mumsewuwo layang'ana, ndipo mlamuyo sankadziwa. Amake Kachiwala ankadziwa mageti onse asanu ndi awiri, monga la amisiri a njinga, la anamwino, la mayi wa amapasa lomwe silitseka bwino. Ankatchula, iye akulemba. Tsopano njira iliyonse yofikitsa basi pa nyumba kuchokera kolakwika, mlonda aziibweza.

Anayambitsanso. Nambala ija inakwera, iwo akuwerengera chamumtima nthawi iliyonse imene mlonda wakana. Anakana kambirimbiri, mpaka mizere inakhazikika.

"Yatalika ndi mphindi zisanu ndi zinayi," anatero mlamuyo. "Komanso Kachiwala ndiye woyamba kutengedwa. Muzilimbana naye mamawa, mwana wovuta kudzutsa uja."

"Ameneyo ndithana naye. Kulitsani pamenepo ndione."

Anakulitsa mapuwo mpaka msewu unadzaza galasi lonse. Kamuvi kosonyeza kolowera basi kanali mbali ya geti lawo. Anakayang'anitsitsa kawiri, kenako anachotsa kansalu kaja paphewa.

"Chabwino. Tsopano yobwerera masana."