Kalendala ya Kuseri kwa Chitseko

Mng'ono wanga anasiya kusamba ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Ine mkulu wake ndikugulabe mapadi mwezi ndi mwezi, iye basi, zatha. Timasoka m'shopu imodzi, makina ake pafupi ndi anga, choncho ndinkaona zonse: thukuta likuyenderera m'khosi kunja kukuzizira, kutsegula zenera, kutseka, kutsegulanso, kulira chifukwa choti ulusi waduka.

Poyamba ankayesa kuti ndi mimba. Zaka khumi ndi ziwiri m'banja wopanda mwana, ndani sangaganize choncho? Ndinamuperekeza kuchipatala. Dokotala, mayi wa magalasi wolankhula mosathamanga, anamuyeza magazi n'kutiuza kuti mazira anatha msanga, ndipo thupi lasiya kupanga homoni yotchedwa esitirojeni. Anamulembera mapiritsi obwezeretsa homoniyo, kuti mafupa asafooke komanso azipeza tulo.

"Muziona magazi mwezi uliwonse ngati kale," anatero dokotala, "koma ndi mapiritsi chabe. Za mwana musaikepo mtima."

Mng'ono wanga anangoti zikomo. Panjira anandigwira mkono. "Achemwali, alamu anu musawauze. Ndiwauza ndekha."

Alamu angawo ndi makaniki, munthu wofatsa mpaka kutopetsa. Kalekale anamwino anawaphunzitsa kuwerenga masiku, ndipo kuyambira pamenepo kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwawo sikusowa kalendala. Tsiku loyamba kusamba amalemba mzere, masiku amene mimba ingagwire amawazunguliza. Msambo utasiya, iwonso anasiya kulemba. Mapiritsi atabweretsa magazi, bambo aja anakagula cholembera chatsopano. Anafika kushopu manja ali bii ndi girisi, mano onse panja.

"Alamu, mankhwala aja ndi amphamvu," anandiuza. "Injini yalira."

Ndinayang'ana mng'ono wanga. Anaweramira pa kolala imene ankasoka, osadzutsa mutu.

Miyezi inapita, iye osawauza. Alamu ankapempha tchuthi kugalaja pa masiku ozunguliza aja. Magazi akabwera ankamutonthoza, amvekere mwezi wamawa zitheka. Ine mtima unkachita kuwira, koma ndinali nditamulonjeza kuti sindiulula.

Kenako thukuta lija linabwerera. Ankaodzera pa makina, ndipo tsiku lina analumikiza mkono wa diresi chozondoka, iye amene sanalakwitsepo ngakhale batani. Ndikufuna singano m'dirowa yake, ndinapeza mapaketi awiri a mapiritsi osatsegula.

"Iwe, wapenga? Dokotala anati chiyani za mafupa?"

"Ndikamwa, magazi amabwera, iwo amatenga cholembera," anayankha motsitsa mawu. "Sindingathenso kuwaona akulemba."

"Ndiye auze zoona."

"Kwawo anawapezera kale mkazi wina. Alamu anuwo anakana poti ankati tikadali ndi nthawi. Nthawi yake iti, achemwali? Ndikawauza atsalira chiyani?"

Ine kupirira si mbali yanga, aliyense amadziwa. Nthawi ya nkhomaliro ndinavula tepi yoyezera m'khosi n'kulunjika kugalaja. Alamu ndinawapeza atagona kunsi kwa galimoto, miyendo yokha ikuoneka, ndipo ndinalankhula ndi miyendoyo. Ndinanena zonse, osasiya kanthu: mazira, dokotala, mapaketi a m'dirowa. Sipanala inasiya kugogoda. Anakhala kunsiko nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kuchita manyazi ndi mawu anga.

Atatuluka anakhala pa tayala. "Nanga mapiritsiwo ndi a chiyani?"

"Mafupa. Tulo. Kuti akhale munthu."

"Wasiya liti kumwa?"

"Miyezi iwiri yapitayi."

Anapukuta manja ndi kansalu, chala chimodzichimodzi. Ine ndinabwerera kushopu.

M'mawa mwake mng'ono wanga anafika mochedwa, maso atatupa. Anapachika chikwama, anavundukula makina, anakhala pansi. Ndinadikira mpaka kasitomala amene ankayesa jekete atatuluka.

"Sakuchoka," anatero asanafunsidwe. "Kalendala achotsa. Piritsi andipatsa ndi dzanja lawo, ndi madzi omwe. Akuti ndisadzasiyenso."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinatsala pang'ono kudzitama, ine wopusa ine.

"Ndiye ukuliriranji?"

"Chifukwa amandisamala ngati wodwala tsopano." Anayesa kulowetsa ulusi pa singano, n'kulephera. "Padziko lonse panali munthu mmodzi amene akandiyang'ana ankaona mayi wa mwana wake. Linali bodza, ndikudziwa. Ndinkafuna nditsanzikane naye ndekha munthu ameneyo, tsiku limene ndikanakwanitsa. Inu mwakamuchotsa pa nthawi ya nkhomaliro, achemwali, ine kulibe."