Ubongo wa Achimwene

"Ayi, alamu, zimenezo ndiye ayi," anatero a Hudson, ataima pakhomo la khitchini chikhoti chili m'thupi. "Munthu amaikidwa wamphumphu."

Dorcas anaika foni patebulo. Laura, nesi wa kafukufuku, anali atangoimba kuchokera ku Leeds ndi mawu ofatsa aja a munthu wopempha chinthu chovuta. Alfred, mwamuna wa Dorcas, yemwe anamwalira dzulo lake, anavomera kale kuti ubongo wake udzaperekedwe kwa ofufuza matenda a Parkinson, onjenjemeretsa thupi, amene iye ankadwala. Koma banja likakana, iwo sakakamiza. Yankho linkafunika dzuwa lisanalowe, poti ubongo suchedwa kuwonongeka.

Pabalaza amayi a kutchalitchi ankaimba chapansipansi, kuopa aneba. Makoma a nyumba za ku Bradford sasunga chinsinsi.

"Achimwene anu anandiuza okha, pakamwa pawo," anatero Dorcas.

"Wodwala amanena zambiri. Madokotala anawajambulajambula m'mutu zaka zonsezi, anapindulanji? Si makina omwewo anati mankhwala sadzawagwira?"

Zinali zoona, ndipo zinkamuwawabe Dorcas. Kujambula koyamba kunaonetsa kuti mankhwala adzathandiza pang'ono chabe, ndipo zinaterodi. Wina akanasiyira pomwepo. Koma Alfred anali nkhutukumve. Ankakwerabe basi, mabatani a malaya atamangidwa mophonyana, kukagona m'chimakina chaphokosocho ku Leeds. Ankaseka kuti makinawo azolowera mitu ya azungu, aoneko ndi wa ku Ntcheu womwe.

"Kuno mwini maliro ndine," anapitiriza a Hudson. "Bokosi likafika kumudzi, anthu adzamva. Adzati mkazi uja anagulitsa ziwalo za mwamuna wake kwa azungu. Mudzapondanso kwathu inu?"

Dorcas anachita mantha, chifukwa dzina lotere silichoka ndi sopo. Akavomera yekha, ataya abale onse a mwamuna wake. Akakana, anamiza munthu amene sangadzukenso kudzadzinenera.

"Takhalani pansi, alamu. Simunalawe kanthu chibwerereni."

Anawathirira tiyi. A Hudson anakhala monyinyirika, nayang'ana m'kapumo.

"Ngakhale lero? Nthawi zonse ndikabwera muno mumandithirira theka la kapu. Ndinakulakwirani chiyani?"

Anatulutsa dzanja lamanja m'thumba la chikhoti kuti anyamule kapu. Kapuyo inayamba kugogoda kambale kake, go go go, mpaka anaigwirira ndi dzanja linalo. Nyimbo ya pabalaza inatha, ina n'kuyamba.

"Achimwene anu anaona dzanja limenelo chaka chatha," anatero Dorcas motsitsa mawu. "Anati ndizikuthirirani theka kuti asamatayike, mungachite manyazi pa anthu. Anatinso ndisakufunseni, mudzanena nokha."

A Hudson anabweza kapu pang'onopang'ono.

"Ine sindinauze munthu. Ngakhale mayi a ana sakudziwa."

"Achimwene anu ankadziwa. Tsiku lina ndinawakalipira kuti asiye za ku Leeds, ankabwerako atatheratu. Anandiyankha kuti, 'Ine zanga zatha, Dorcas. Koma ikamadzafika nthawi ya Hudson, madokotala akhale ataphunzirako mutu wa kwathu. Asadzamumwetse mankhwala mongoyerekeza.'"

A Hudson analiyang'ana dzanja lawo nthawi yaitali, likugwedezeka patebulo ngati la munthu wina. Misozi inatsika, osaipukuta. Kenako, ndi dzanja lomwelo, anakankhira foni ija kwa mlamu wawo.