Ulusi wa Pantchafu ya a Ezara

Ng'ombe za a Ezara zikafika pachulu cha pakati pa munda zimaima zokha, ngakhale uzikwapule. Zimadikira likhweru la mwini wake. Mkazi wawo, a Felistus, sayang'anako, chifukwa akudziwa chimene chinagwetsa amuna awo pamenepo.

Mu Okutobala wa 1958, ng'ombe ina inawagunda a Ezara pantchafu. Anawanyamula pangolo kuchoka ku Sinda kupita kuchipatala cha mishoni ku Katete. Dokotala wamng'ono, a Moffat, atasoka balalo, anawakulunga pamkono lamba wopimira kuthamanga kwa magazi n'kupopa. Anapopanso kachiwiri, nkhope itasintha.

"Bala ili si kanthu, bambo," anatero a Moffat. "Magazi anu akuthamanga kwambiri. Matendawa sapweteka, amangogwetsa munthu. Mudzabwere pakatha masiku khumi tidzachotse ulusi, tidzakupimeninso, tione mankhwala okuyenerani."

Masiku khumi asanakwane, mvula inagwa. Ndani angasiye munda tsiku lathunthu chifukwa cha ulusi? A Ezara ankati mutu suwawa, chakudya chikulowa bwino, ndiye matendawo ali pati. A Felistus anali ndi dzanja labwino, zovala za mudzi wonse ankasoka ndi iwo. Anawiritsa lumo, n'kudula timfundo tisanu ndi kamodzi mosamala, osatulutsa ngakhale dontho la magazi. Anthu anawatama, ndipo iwo ananyada.

Sanadziwe kuti ulusiwo ndiwo unali chingwe chokhacho chokokera amuna awo kuchipatala.

Mu Disembala, dzuwa lili pamutu, a Ezara anagwa chafufumimba pachulu paja atagwira pulawo. Pakamwa panapotoka. Anakhala masiku atatu akuyang'ana akazi awo osatha kulankhula, kenako anamwalira. Ena ankati ndi ufiti. A Felistus sanatsutse, koma mumtima ankawawidwa, chifukwa mawu a a Moffat anawamva ndi makutu awo. Lumo lija analisomeka kudenga, osalikhudzanso.

Patapita zaka ziwiri, akumweta udzu wofolera, a Felistus anadzitema ndi zenga padzanja. Kuchipatala anakapeza a Moffat omwewo, amene anawasoka balalo. Lamba uja atafinya mkono wawo, anangoona nkhope ya dokotalayo n'kudziwa kuti nawonso magazi awo akuthamanga.

Dokotalayo atawafunsa za bambo wa ng'ombe uja, a Felistus anaulula zonse akulira. A Moffat sanawakalipire. Anawafotokozera kuti matendawa satha ngati bala, amafuna kupimidwa mwezi ndi mwezi, kumwa mankhwala osadumphitsa ndi kuchepetsa mchere, ngakhale thupi likumveka bwino. Anawauza kuti abwerenso pakatha masiku khumi kudzachotsa ulusi ndi kupimidwa.

Tsiku lakhumi linakwana pamene mtedza unali mbwee pabwalo, mbuzi zikuzungulira. Mng'ono wawo Doris, amene ankakhala naye, anasolola lumo kudenga.

"Akulu, bala lapola ili. Bweretsani dzanja, ulendo wonsewo wa chiyani?"

A Felistus anayang'ana lumolo. Linali litachita dzimbiri.

"Limenelo linandidyera mwamuna," anatero motsitsa mawu. "Ukufuna lindidyenso ine, ana anga atsale opanda mayi?"

Anamanga mpango n'kunyamuka wapansi kupita kumsewu waukulu. Njira yake imadutsa pachulu paja. Tsiku limenelo anaimapo pang'ono, n'kupitirira.

Phunziro: Mukapita kuchipatala ndi ngozi n'kupezeka kuti magazi akuthamanga, bwererani pa tsiku limene akuuzani. Kupola kwa bala sikutanthauza kuti mwachira.