Makatani a aBashiru

Kwa aBashiru atelala aku Ndirande aja ukalowa mnyumba amakuyang'ana paliponse kkkk. Pa windo aBashiru, pa tebulo aBashiru, olo kansalu kovindikira ndowa ya madzi aBashiru akumwetulira. Munthuyo ankaima pa chisankho cha phungu ulendo uliwonse, payekha opanda chipani, ndipo sanawineko olo kamodzi. Zitenje za kampeni zikatsala ankangozisoka makatani basi.

Ndiye mwana wawo Sumayyah mbiri ya dera lawo anaiphunzira pa mawindo. Katani ya pabalaza ndi 2009, adadi tsitsi lonse lilipo, chaka chomwe anawina bambo wachigayo ogawa mgaiwa uja. Ya kuchipinda 2014, dazi layamba, anawina mayi wina amene ankagula bokosi pa maliro aliwonse. Ya kukhitchini 2019, ndevu mbuu, wachigayo uja anabwereranso ndi maminibasi kkkk. Zotsatira zikatuluka pa wailesi adadi ankangoti "anthu akuchedwa kundimvetsa" nkumapitiriza kupalasa mashini. Amayi a Sumayyah, aHafsah, ikakwana nthawi ya swala ankatembenuza katani kaye, ati sangaswali amuna awo akuwasekerera.

Kenako malire a madera a aphungu anawadulanso, dera lija linatha. Anthu ochepa omwe ankawavotera anagwera tsidya la mtsinje, nyumba yawo inagwera ku dera latsopano. Adadi anati sangayambirenso kudzifotokoza kwa alendo. Pasanapite nthawi anamwalira, shuga.

Sumayyah sanalire. Azakhali ankamutsina kuti lira iwe anthu akuona, koma iye ankangomva ngati mwendo ukachita dzanzi muja, kungoti thupi lonse. Foni ya adadi momwe munali zithunzi inabedwa pamaliro pomwepo, anthu mxiii. Nkhope yawo inangotsala pa nsalu zija.

Tsiku lina akuchokera kusukulu Sumayyah anapeza mawindo ali mbee, dzuwa likungolowa.

"Amayi, makatani?"

"Ndawapatsa aMildred aluke zopondera," anatero aHafsah osadzutsa mutu pa mpunga omwe ankasankha.

"Onse?"

"Ukufuna ndizigona akundiyang'ana? Ndatopa nkutembenuza ine."

Sumayyah anangotuluka ndi yunifomu yomweyo, chikwama kumsana, nkutsetsereka kukaoloka pa kamlatho ka matabwa. Sankathamanga ai. Ankangofuna nkhope imodzi yathunthu, ya chaka chilichonse.

AMildred, mayi oluka zopondera pakhomo ndi tizisanza mmasaka, anali pakhonde miyendo tambalale, mulu wa tinsalu todulidwa kale pambali.

"Iii mwanawe ukanabwera mmawa! Sizasi yangayi siichedwa."

"Palibe yotsala?"

"Fufuza wekha mama. Inetu bambo akowa ndinkawavotera, ndikulumbira. Mwina tinalipo ine ndi amako basi," anaseka, kenako anasiya ataona mwanayo sakuseka nawo.

Anayamba kusanthula awiriwiri. Apa diso. Apa khutu. Apa kolala ya shati ndi theka la dzina la dera lakale lija. AMildred ankaziyala pa simenti ngati akuyala tomato pa benchi: tsitsi la 2009, maso a 2014, ndevu za 2019, mitundu yosiyanasiyana kkkk munthu wake ngati wa mmaloto.

"Pakamwa pali kuti?" anafunsa Sumayyah.

AMildred anayang'ana chopondera chomwe anali atayamba kale. Tinsalu toyera toyera, mano aja, tinali titalowa msaka pakati pa tinzake, osadziwikanso.

"Ndimasule?"

"Ayi musavutike."

"Komabe afananako eti?" anatero aMildred akuloza nkhope ya pa simenti ija.

Sumayyah anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Ankadikira kuti mwina china chake chimupweteka pamtima. Palibe.

"Ayi," anatero. Komabe anatola tizidutswa tonse nkuika mchikwama pakati pa makope.

Atafika kunyumba amayi anali pa mkeka wa swala, atayang'ana windo lopanda kanthu, palibe chotembenuza. Atamaliza anafunsa osacheuka.

"Wapezako?"

"Ayi."

Sumayyah anakakhala pa mashini ya adadi, anayala tinsalu tija pansi pa singano, phazi pa chopalasira. Anayesa kukumbuka mmene adadi ankasekera, mano a mmwamba kapena onse. Sizinabwere. Phazi linangokhala pomwepo osapalasa.