Mpando Wachinayi Pakhonde

Mayi Esitele nyimbo za mwana wawo Luwiza sankazikonda. Nyimbo zanji zopanda ng'oma, anthu anayi kungokhala pamipando n'kumakwecha zingwe ngati akunola mpeni? Komabe chiwaphunzitsireni wansembe wina wokalamba ku Ludzi, anayiwo anali atapita patali. Zakeyu ndi Greyson ankaliza mavayolini, Imelda ankakumbatira chelo, chivayolini chachikulu choima pakati pa miyendo, ndipo Luwiza anali pa viyola ya mawu okhuthala. Pofika 1998 ankaitanidwa m'mahotela a ku Lilongwe, kwa akazembe, ngakhale ku Chipata. Imeneyo inali ntchito, osati masewera.

Ndiye kunabwera Phillip, wolembera amalole mapepala a katundu pachipata cha malire ku Mchinji. Anafunsira Luwiza, koma kampani yake inkamusamutsira ku Ndola m'dziko la Zambia, motero anapempha chitengwa, kuti mkazi akakhale kwa mwamuna. Ankhoswe anapangana kukumana Loweruka. Mayi Esitele sanaonepo vuto. Mwamuna wapantchito, nyumba ya malata, munthu angafunenso chiyani?

Lachinayi anatuma Luwiza kwa telala kuboma. Anzake atatu anabwera kudzayeserera pakhonde monga mwa masiku onse, mayiwo akutong'ola chimanga chapafupi.

"Tiyeni tiyambe atatu," anatero Zakeyu. "Tizolowere."

Inali nyimbo yomwe ija inawasokosa chaka chonse, koma lero inali ndi mipata ngati mzere wa fodya womwe mbande zina zauma. Mavayolini m'mwamba, chelo pansi, pakati mbee.

"Mwaiwala chiyani inu?" anafunsa mayiwo.

"Palibe, mayi," anayankha Imelda. "Pamenepo ndi pa Luwiza."

"Pezani wina."

Greyson anaseka. "Wa viyola? Tafunsa mpaka ku Zomba. Yemwe tikumudziwa ndi mmodzi, ndipo munamubereka ndinu. Akapita, zida tikabweza kumishoni. Nyimbozi anazilembera anthu anayi."

Luwiza atabwerako, amayi ake anamuimitsa pakhomo. "Iwe, Ndola ukumufuna?"

"Ndikufuna Phillip."

"Sindinafunse zimenezo."

Luwiza anayang'ana mpando wake wopanda munthu.

Loweruka wolankhula anali a Jonasi, alongo awo a Esitele. Mayiwo anakhala kukhomo, atafulatira alendo monga mwa ulemu. Mawu a chitengwa atangotuluka, iwo anakweza mawu.

"Achimwene, auzeni chitengwa palibe. Kuno mkamwini amamanga kwa mkazi. Malo ndi awo, kuseri kwa chigafa."

"Achemwali, wolankhula ndine," anadandaula a Jonasi.

"Lankhulanitu zomwe ndanenazi."

Amalume ake a Phillip anakhosomola. "Nanga ntchito ya mwanayu?"

"Malole atha pachipata paja? Olemba mapepala ngambiri, abwana ake atumize wina. Wa viyola ndi mmodzi."

Analimbana mpaka dzuwa kupendeka. Alendo anati zaka ziwiri zokha ku Ndola, mayiwo anakana. Anati chaka chimodzi, anakanabe. Pomaliza Phillip anafunsa Luwiza yemwe, ndipo Luwiza ananena chapansipansi kuti viyola sangaisiye. Kenako Phillip anapempha kuti akamuonetse malo akuseri kwa chigafa aja.

Lolemba anayiwo anakhalanso pakhonde. Mayi Esitele anawerenga mipando, n'kumvetsera mpaka pa mipata paja. Panali potseka.

"Phokoso lomwe lija," anatero, n'kupitiriza kutong'ola chimanga.